Bere Linapita, Mkono Unauma, Mwana Ali ku Marka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka amayi anzanga a m'chigwa muno, landirani moni wanga. Dzina langa ndine Luwiza, koma kwathu kwa Malemia amandidziwa kuti make Tadala. Ine si munthu woyankhula pagulu. Kutchalitchi akaitana a maumboni ndimangoyang'ana pansi. N'chifukwa chake ndasankha kulemba. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho pamene ndalakwitsa mundikhululukire. Ndikufuna ndikuuzeni za khansa ya m'mawere, koma osati za tsiku la opaleshoni ayi. Ndinena za miyezi yotsatira, imene anthu ankati ndachira, pamene ine ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga ndili moyo.

Chotupa ndinachipeza ndikuyamwitsa. Tadala anayamba kukana bere lakumanja, akaligwira n'kulilavula. Amayi akuluakulu pamudzi anati mwana wageyera pabere, lidzaphwa lokha. Silinaphwe. Atandiyeza kuchipatala cha paboma ananditumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva dzina la matenda anga. Anati ndiyambe ndalandira mankhwala a m'diripi kuti chotupa chichepe, kenako adzachotse bere lonse, ndipo kuyamwitsa ndisiye tsiku lomwelo. Nthawi imeneyo n'kuti Tadala asanayambe kuyenda.

Amuna anga, bambo a Tadala, amadula nzimbe ku Nchalo, ndipo kunyumba amabwera mwa apo ndi apo. Ine ndimakhala pamudzi pawo ndi apongozi anga, amene ndi okalamba ndipo maondo amawavuta. Choncho banja linagwirizana kuti mwana apite ku Marka kwa alamu anga a Dominga, mlongo wawo wa amuna anga, monga timachitira poletsa mwana kuyamwa kuti akaiwale bere. A Dominga akhala pabanja zaka zambiri koma sanaonepo mwana wawowawo. Tadala anamulandira ndi manja awiri, ndipo zimenezo sindidzaziiwala. Tinapangana kuti mwana adzabwerera kwa ine ndikadzatha kumubereka kumbuyo ndekha, chifukwa kuno mwana wamng'ono sungamulere popanda msana. Kumjigo umapita naye, kudimba umapita naye, kuchipatala umapita naye. Panganolo ndinaliona ngati laling'ono. Alipo mkazi wosatha kubereka mwana kumbuyo? Tonse tinaphunzira tili tiatsikana, tikubereka zitsononkho za chimanga.

Mankhwala a m'diripi anandizunza. Tsitsi linathothoka, zikhadabo zinada, ndipo chakudya chilichonse chinkamveka ngati ndikutafuna supuni. Koma ndinkapirira, ndikudziuza kuti akangochotsa chinthuchi zonse zitha. Opaleshoni inachitika dzuwa litayamba kuwawa. Nditatsitsimuka ndinapeza pachifuwa atandikulunga mabandeji, ndipo m'nthiti munatuluka kapaipi kotaya madzi ofiira m'kabotolo. Anandiuza kuti achotsanso tianabere ta m'khwapa. Tisanatuluke, anamwino ena anabwera m'wodi n'kuima pakhoma, akutionetsa mmene tiziyendetsera mkono. Tsiku limenelo mutu unkazungulira, komanso m'wodi munali amuna obwera kudzaona odwala awo, ine n'kuchita manyazi kuti ndiimike mkono pamaso pawo. Atafunsa ngati tonse tamva, anzanga anayankha kuti inde, inenso ndinagwedeza mutu.

Ulendo wobwerera kunyumba sindiufuniranso munthu. Basi ikamatsika phiri kulowa m'chigwa, dzenje lililonse la mumsewu ndinkalimva pabala. Nditafika, apongozi anaona mmene ndinkagwirizira mkono wakumanja ndi dzanja lamanzere, chifundo n'kuwagwira. Iwo analerapo mwana wawo wamwamuna atathyoka mkono pogwa pangolo, ndiye ankadziwa chochita. Anatenga chitenje chawo chatsopano, n'kuukoleka mkonowo m'khosi mwanga, n'kuumanga bwinobwino kuti ugone pamimba. Anati bala limafuna bata, ndipo ndikamaugwedeza ulusi udzaduka. Kunena zoona, ululu unachepadi. Ndinawathokoza, ndipo mkonowo unakhala m'chitenjemo tsiku ndi tsiku. Pokachotsetsa kapaipi ndi ulusi kuchipatala ndinkauvula pakhomo lolowera, chifukwa bulauzi sinkatuluka uli womanga, ndikatuluka n'kuumanganso. Palibe amene anadziwa.

Bala linapola, koma mavuto ena anangoyamba kumene. Inu a kuno mukudziwa kutentha kwa Nsanje mvula isanagwe. Thukuta likatsikira pachipsera pankayabwa koopsa, koma ndikakanda sindinkamva chala changa, chifukwa khungu lonse kuyambira pachifuwa mpaka kuseri kwa mkono linali ladzanzi. Kuyabwa kunali mkati, kumene sungafikeko. Nthawi zina pankabaya ngati munthu wandilasa ndi singano yamoto, ine n'kukuwa ndili chikhalire. Poyenda ndinkapendekera mbali imodzi ngati ndasenza chidebe chosadzaza. Kudya ndinkadya ndi dzanja lamanzere, ndiponso moni ndinkapereka ndi lamanzere, moti alendo akabwera ndinkathawira kuchipinda kuopa kuoneka wamwano.

Chimene chinkandiswa mtima kwambiri sindinauzepo munthu nthawi imeneyo. Mwana wa aneba akalira, ndinkamva mkaka ukutsika m'bere limene kulibe. Linkalemera, nsonga yake n'kumayabwa, ndendende ngati kale Tadala akafuna kuyamwa. Ndinkapititsa dzanja kuti ndiligwire, n'kupeza nthiti zokhazokha. Ndinkaganiza kuti mutu wanga wayamba kusokonekera.

Kenako mkono unayamba kutupa. Zala zinanenepa, khungu n'kumanyezimira, ndipo unkalemera ngati wa munthu wina. Kuchokera m'khwapa kufika pachigongono kunabwera chinthu ngati chingwe chokungika pansi pa khungu. Ndikayesa kuutambasula chingwecho chinkakoka mpaka misozi. Phewa linauma gwa. Kumanga duku sindinkatha, kudzitwika chidebe sindinkatha, ngakhale kudzithira madzi kumsana posamba. Apongozi, ndi maondo awo aja, ndiwo ankapita kumjigo, ine mtsikana ndili gone pamphasa. Ataona kutupako anati ndiye kuti mkono sunapume mokwanira, n'kuumanga mothinitsa kuposa kale. Kutchalitchi ndinasiya kupita. Amayi a chigwirizano ankabwera kudzandiona, n'kumayamika Mulungu kuti ndachira, inenso ndinkavomera kuti ame, koma mumtima munalibe kanthu.

Tsiku lina a Dominga anabwera ndi mwana kudzationa. Ndinamuona akutsika panjinga ya kabaza, atanenepa, atavala kadiresi kachikasu, akuyenda yekha. Kuyenda kwake koyamba ine sindinakuone. Nditamuitana anandiyang'ana mmene mwana amayang'anira mlendo, kenako anathamangira kukabisala m'chitenje cha alamu, akuti mama, mama. A Dominga anamunyengerera mpaka anafika pafupi. Ndinatulutsa mkono m'chitenje kuti ndimunyamule, koma nditangomukweza pang'ono chingwe chija chinakoka, dzanja n'kulefuka. Mwana anatsetsereka pamiyendo panga n'kugwa chamatako. Sanavulale, koma analira kulira kwa mantha, ndipo sanabwerenso kwa ine tsiku lonselo.

Madzulo asananyamuke, alamu anandikhazika pakhonde. Sanayankhule mwaukali. Anati mvula ikayandikira iwo ndi amuna awo amawolokera tsidya la Mozambique kumene kuli minda yawo, ndipo amakhala komweko mpaka atakolola. Anati chaka chino apita ndi Tadala, chifukwa sangamusiye m'manja mwa munthu amene sangathe kumunyamula, pamudzi pamene pali moto wapansi ndi chitsime chosatseka. Iwo ankanena zoona. Nditawaimbira bambo a Tadala, anati nanga titani, amayi sangathe, iwenso sungathe, bola mwana ali ndi moyo. Sanali ouma mtima, anali otopa. Ndinawerengera mumtima kuti pobwerako mwanayo adzakhala akuyankhula bwinobwino, ndipo m'mawu ake onse simudzakhala ine.

Masiku otsatira ndinasiya kudya bwino. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinalowa kubafa ndi ndowa yamadzi imene apongozi anandiikira. Ndinavula n'kudziyang'ana bwinobwino, chinthu chimene ndinkachipewa. Chipsera chinali chachitali, chopita mpaka m'khwapa, mkono uli lende ngati chipika. Ndinakhala pamwala wosambirapo n'kuyamba kuyankhula ndi Mulungu, ndipo sanali mawu okoma. Ndinamuuza kuti ngati anandisiyira moyo kuti ndizingomva mbiri ya mwana wanga akukula kwa eni, bola akanangonditenga patebulo la opaleshoni pomwe paja. Ndinalira mpaka madzi a m'ndowa anafunda ndi dzuwa. Pamapeto ndinati, Ambuye, bere sindikupemphaninso, linapita, koma mundibwezere mkono wokha kuti ndibereke mwana wanga. Sindinamve mawu alionse. Ndinasamba ndi dzanja limodzi n'kutuluka mmene ndinaloweramo.

Yankho linabwera ndi fungo la nsomba. Kuli mayi wina wachikulire, mayi Chanazi, amene kwawo ndi ku Chiromo koma anasamukira kuno madzi atawakokolera nyumba. Amagula milamba yowamba kwa asodzi n'kumayenda nayo m'midzi padengu. Pakamwa pawo sipatsekeka, ndipo amatha kukuseka pagulu chifukwa chongonenerera mtengo. Ine chikwatiwireni ndinkawaopa, akamabwera ndinkatuma apongozi. Tsiku limenelo apongozi anali kumaliro, ndipo anandisiyira mawu kuti mayi wa nsomba akadutsa ndigule ndiwo. Ndinatuluka ndi mbale, mkono uli m'chitenje.

"Iwe mtsikana, wakumanga ndani ngati nkhuku yopita kumsika?" anatero asanatule n'komwe dengu.

Ndinayankha motsitsa kuti ndinachitidwa opaleshoni. Anafunsa kuti ya chiyani, ine n'kuyang'ana pansi. Anandiyang'ana pachifuwa, kenako pazala zanga zotupa, ndipo kuseka konse kunawachoka pankhope. Anatula dengu pakhonde, n'kulivundikira kuopa agalu, n'kundiuza kuti tilowe m'nyumba. Titalowa anatseka chitseko, n'kumasula mabatani a bulauzi yawo. Anapisa dzanja m'kamisolo n'kutulutsa kapilo kansalu kodzaza thonje, n'kundipatsa kuti ndigwire. Mbali ya kumanzere kunalibe bere. Kunali chipsera ngati changa, koma chakale, chotuwa. Munthu amene ndinkamuona zaka zonsezi atasenza dengu pamutu. Kenako anaimika manja onse awiri mpaka anagwira mtanda wa denga.

"Nkhabe, ayi mwananga," anatero mosakaniza ndi Chisena, akumasula chitenje m'khosi mwanga. "Amamanga fupa lothyoka. Iwe fupa lako lathyoka pati?"

Ndinayamba kulira, ndipo zonse zimene ndinazisunga zinatuluka. Ndinawauza za kuyabwa kosakandika, za kubaya, za Tadala ndi ulendo wa tsidya lija. Ndinawauzanso za mkaka wotsika m'bere limene kulibe, ndikuyembekezera kuti andiseka. Iwo anati lawo linkawayabwa nsonga mpaka chaka chinatha, ndipo ankakanda m'mwamba ngati wopenga. Anati thupi limachedwa kumva uthenga wamaliro. Nsomba za tsiku limenelo anamaliza kugulitsa mochedwa chifukwa cha ine.

Sanafune kundigwira mkonowo okha. Anati iwo si dokotala, ndipo kutupa koteroko kumafunika maso a kuchipatala. M'mawa mwake anabwera osasenza dengu, n'kundiperekeza paboma. Kwa anamwino anayankhula ndi iwo, chifukwa ine ndinali nditayambanso kuyang'ana pansi. Anamwinowo sanandikalipire. Anandiyeza n'kunena kuti bala linapola bwino ndipo mkono ulibe matenda ena, koma phewa lauma chifukwa chokhala osayenda. Anandikulunga bandeji yotamuka kuyambira kuzala, anandiphunzitsa kusisita pang'onopang'ono chokweza kuphewa, ndi kuutsamiritsa pamwamba ndikagona. Anati mkono umenewu ndisamabayitsepo jakisoni, ndiziuteteza ku minga, ku moto ndi ku mpeni, ndipo ukafiira kapena kutentha ndithamangire kuchipatala. Kenako anaima pakhoma n'kuyamba kukweza zala pang'onopang'ono, ngati mmene anachitira anzawo a ku Blantyre aja, n'kunena kuti ndizichita zimenezo tsiku lililonse.

Apa ndinalimba mtima n'kunena chimene chinkandivuta. Ndinati pamudzi pathu palibe pobisala. Anthu akandiona ndikukwawa pakhoma ndi zala adzati matenda aja akwera kumutu, ndipo mawuwo akafika ku Marka mwana sindidzamuonanso. Mayi Chanazi anaseka mpaka anagwira pamimba. Anati Khirisimasi yayandikira, ndipo kulibe mkazi amene amafunsidwa chifukwa chimene akuzirira nyumba yake. Anati ndizizira khoma lakunja ndi dzanja lodwalalo, kuyambira pansi kumakwera. Anamwino anaganiza pang'ono, kenako anavomera. Anangoti dothi likhale losefa lopanda timiyala, dzanja ndiziliveka jumbo kuti lisachekeke, ndowa asandinyamulitse, ndipo ululu ukafika pobaya ndizilekeza.

Panatsala apongozi. Atabwera n'kupeza mkono uli pamtunda anakwiya, akuti mayi wa nsomba akufuna kundipha. Mayi Chanazi anakhala nawo pamphasa n'kuyankhula nawo m'Chisena nthawi yaitali, kenako analowa nawo m'nyumba. Potuluka apongozi anali akupukuta misozi. Anandigwira dzanja lotupa lija n'kunena kuti iwo ndi amene andiumitsa mkono. Ndinawauza kuti ayi, anachita zimene ankadziwa, ndipo anazichita chifukwa chondikonda. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi amene ankandisefera dothi n'kulikanda m'beseni.

Musaganize kuti zinali zophweka. Ndinkayamba m'mamawa kusanatenthe, nditakhala pansi, ndikuzira m'munsi mwa khoma. Dzanja likafika pamene phewa lakana, ndinkalikankhira pang'ono chabe, chingwe chija chikukoka, misozi ikugwera m'beseni. Anthu odutsa popita kudimba ankangoti mwayamba msanga chaka chino make Tadala. Masiku ena mkono unkatupa kwambiri, ine n'kugona nawo pamtsamiro tsiku lonse ndikudandaula kuti ndabwerera mmbuyo. Masiku ena ndinkataya mtima n'kufuna chitenje chija, chifukwa mmenemo munalibe ululu. Kwa nthawi yaitali nyumba yathu inali yozira kulekeza m'chiuno mbali zonse, moti aneba ankaseka kuti nyumba ya agogo yavala siketi. Mayi Chanazi akamadutsa ndi dengu sankandilonjera n'komwe, ankangoyang'ana khoma n'kukuwa kuti ulesi, dzulo panali pomwepo. Koma dothi linkakwera. Linafika pawindo, kenako linapitirira windo. Tsiku limene ndinamanga duku ndekha ndinalowa kuchipinda n'kugwada.

Kubereka kunali nkhani ina. Mfundo ya chitenje imakhala pachifuwa, pamene pali chipsera penipeni, ndipo nditayesa ndi chitenje chopanda kanthu ndinaona nyenyezi masana. Kumuponyera mwana kumsana ndi dzanja limodzi, monga timachitira, kunali kosatheka. Mayi Chanazi anati iwo analera zidzukulu ndi chifuwa chomwechi, ndiye anandionetsa njira yawo. Mwana umamukhazika pamalo okwera, iwe n'kugwada momufulatira. Zitenje zimakhala ziwiri. China chimagwira matako a mwana n'kumangidwa m'chiuno. Chinacho chimadutsa paphewa labwino, n'kutsika m'munsi mwa chipsera, mfundo yake n'kukhala mbali yabwino. Anandisokera kapilo kanga ka thonje, ndi kena kopyapyala kotchinjiriza chipsera. Ndinkayeserera kuchipinda ndi kathumba ka mapira, apongozi akuonjezera mapirawo pang'onopang'ono. Kathumbako kanagwa kambirimbiri. Ndinkangoti zikomo Ambuye kuti ndi mapira.

Mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa, uthenga unabwera wakuti alamu awoloka sabata yomweyo. Sindinali wokonzeka. Mkono unali usanafike pamwamba pa khoma, ndipo kumbuyo unkapita movutikira. Ndinawaimbira bambo a Tadala kuti apemphe tchuthi andiperekeze ku Marka. Anandifunsa ngati ndikutsimikiza, chifukwa ndikakalephera pamaso pa anthu zidzandipweteka kuposa kungokhala. Ndinati sindikutsimikiza, koma tipite.

Tinapeza katundu ali panja, makasu atamangidwa pamodzi, mbewu zili m'matumba. A Dominga atationa nkhope yawo inagwa, koma anatilandira mwaulemu n'kutiyalira mphasa. Amuna anakakhala pansi pa mtengo. Titapatsana moni ndinanena kuti ndabwera kudzatenga mwana monga tinapanganirana. Anandiyang'ana mkono wabandejiwo nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi Tadala.

"Berekani tione, mlamu," anatero. "Akagwa, mundikhululukire, apita nafe."

Ndinatulutsa zitenje zanga ziwiri. Ndinamukhazika mwana pakhonde, chifukwa linali lalitali, n'kugwada momufulatira. Mapira salira ndipo saponda. Tadala anakuwa, anandimenya ndi zidendene m'nthiti, anakoka duku langa n'kuligwetsa, tsitsi langa lalifupi lomera kumene n'kuonekera kwa aliyense. Akazi a nyumba zoyandikana anali atabwera kudzaonerera. Ndinaponya chitenje choyamba ndi dzanja lamanzere, koma nsonga yake inagwera kumbuyo chakumanja, kumene kunkafunika mkono wodwalawo. Ndinautumiza. Chingwe chija chinakoka mpaka m'khutu, maso anachita mdima, ndipo mumtima ndinangoti Yesu. Zala zinagwira nsalu. Ndinamanga m'chiuno, ndinadutsitsa chachiwiri paphewa, ndinamanga mfundo. Kenako ndinaponda pansi n'kuimirira.

Sanagwe. Koma ankalirabe, atatambasulira manja kwa a Dominga, akuitana mama. Ndinaima pakati pa bwalo osadziwa chochita, thukuta likuyenderera pachipsera, mwana wanga ali kumsana kwanga akulirira mayi wina. Apa ndinatsala pang'ono kumumasula ndekha.

A Dominga anayandikira. Anawongola kamwendo ka mwana kamene kanapindika m'chitenje, anatola duku langa n'kundimanga kumutu.

"Musaime naye," anatero. "Ameneyu ukaima amalira. Yendani."

Ndinayamba kuyenda, iwo ali pambali panga. Tinatuluka pabwalo kulowera kumsewu, amuna akutitsatira patali ndi kachikwama ka zovala. Njira yonse alamu ankandiuza za mwana wanga. Anati phala amafuna lamadzimadzi, mbatata amadya ikazizira, amaopa abakha, ndipo akayamba kudzikoka khutu ndiye kuti tulo tabwera. Ankayankhula akuyang'ana kutsogolo, misozi ikutsika osaipukuta. Kulira kwa Tadala kunayamba kuchepa, kunasanduka kusisima. Tisanafike pamsewu ndinamva mutu wake ukugwera pakati pa mapewa anga, wofunda, wolemera. Khungu langa lakumanja silimva kanthu mpaka lero, koma kulemera kumeneko ndinakumva.

Abale anga, sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinatha. Tadala analirira a Dominga masiku ambiri, ndipo kwa nthawi ndithu ine ankangonditchula kuti iwe. Mkono umatupabe kukatentha kapena ndikagwira ntchito yambiri, ndipo bandeji sindinasiyane nayo. Pamwamba pa khoma sindinafikepo, anamalizitsa ndi bambo a Tadala. Ndikumwabe mapiritsi, ndimapitabe kukayezedwa, ndipo ulendo uliwonse ndimapita ndi mantha kuti mwina apezanso china. Pali masiku amene ndimadziyang'ana n'kulira. Koma ndimapita kumjigo mwana ali kumbuyo, ndipo ndinabwerera kutchalitchi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, wokhala pamwala wa kubafa, n'kuliyankha kudzera mwa mayi amene ndinkamuthawa. Ndikuthokoza mayi Chanazi, amene anandilola kulemba za chifuwa chawo, akuti akalamba ndipo alibenso chobisa. Ndikuthokoza apongozi anga, amuna anga, ndi anamwino amene anabwereza kundiphunzitsa osanditonza. Kwa iwe mayi mnzanga amene watuluka kumene m'chipatala ndipo ukumva zinthu zimene ukuopa kuzinena, sunapenge ayi. Nena. Ngati sunamve zimene anakuuza, bwerera ukafunsenso, ngakhale mawu atuluke monjenjemera. Kupola kwa bala si kutha kwa ulendo, ndipo Mulungu satopa nafe pakati panjira. Usaleke kupemphera, ngakhale pemphero lako likhale lodandaula.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukamandikumbukira m'mapemphero anu, muziwakumbukiranso alamu anga a Dominga. Tsiku lija atatikweza galimoto anaima pamsewu mpaka tinakhota. Ine ndinabwerera kwathu ndi mwana, iwo anakakwera bwato kumbuyo kulibe kanthu. Mulungu amene anandiona ine awaonenso iwo. Ame.